Thewera mu ekizozi

Mpaka lero anyamata a mu Kalingalinga akandiona amayamba kutsokomola ngati injini. Ndinazifuna ndekha.

Pabwalo pathu panali thalakitala ya malemu apongozi anga aamuna. Inakhala zaka yosayenda, nkhuku zikuikira mazira pampando. Nditabereka Taonga ndinayamba kuopa chilichonse, ndipo tsiku lina ndinaona mavu akulowa mu ekizozi, chipaipi chotulutsa utsi chija, pafupi ndi pomwe ndimamugoneka mwana. Ndinakwera patayala n'kukankhiramo matewera akale ndi mpini wa tsache mpaka osaoneka. (Satifiketi yanga ndi yophunzitsa ana a mkaka, musandifunse za injini.) Kenako ndinaiwala.

Mvula itayandikira, mwamuna wanga anati thalakitala ikapanda kulira aigulitsa kwa ogula zitsulo. Apongozi aakazi anasiya kudya bwino. Iwo ankafuna ikalimenso munda wa ku Chongwe monga kale.

Anaitana ba Mwale, makanika wa mumsewu mwathu. Ba Mwale anasintha mafuta, anatsuka thanki, anapopa dizilo, anabwereka batire la minibasi. Injini inkangoti khu, khu, n'kukhala chete. Ine ndinkawapatsa tiyi ndi chisoni chenicheni.

"Iyi injini ifuna kupuma," anatero ba Mwale, "koma kuli vamene vaigwira pakhosi."

Apa m'pamene ndinakumbukira. Mukuganiza ndinanena? Ndinalowa m'nyumba kukayamwitsa mwana yemwe anali atakhuta kale.

Loweruka anaganiza zoikoka ndi lole ya mchenga kuti ilire mokakamiza. Msewu wonse unatuluka. Apongozi anaima kutsogolo atavala bulauzi yoyera ya kumpingo, akupemphera. Lole inakoka, thalakitala inanjenjemera, kenako phuu. Chinthu chakuda chinauluka kupitirira waya wa magetsi, chinatambasuka m'mwamba, n'kudzatera paphewa pa apongozi. Injini inalira mpaka mawindo kugwedezeka.

Apongozi anachinyamula ndi zala ziwiri. Pabwalo lonse khanda linali limodzi lokha.

"Amake Taonga," mwamuna wanga anafunsa motsitsa, "iyi thewera inakwera bwanji kuja?"

"Kunali mavu," ndinayankha, maso pansi.

Ndinadikira kubwezedwa kwathu ku Katete. Koma apongozi sankandiyang'ana n'komwe. Ankamvetsera injini, misozi ikutsika pamwaye wa kumaso kwawo.

"Ni mau yamene yaja," anatero. Kenako anandipatsa thewera. "Mwana wanga, kachape. Na bulauzi yanga pamodzi."

Ba Mwale, ataseka mpaka kukhala pansi, anati mwina matewera aja ndiwo analetsa madzi a mvula kulowa mu injini. Sindikudziwa ngati n'zoona kapena ankangondipulumutsa, koma Mulungu awadalitse. Anandionetsa kuti ena amangovindikira kachitini pamwamba pa ekizozi.

Munda unalimidwa, ndipo chimanga chake tikudya. Mavu ndimawaopabe. Dzulo mwamuna wanga analephera kuvala jombo zake, ndipo sanafunse n'komwe. Anangopisa dzanja m'jombomo n'kundipatsa thewera.