Mutu wa Yotamu ndi Tailosi ya Magetsi

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Ndinautola pa Kamwendo, masiku amene miyendo yangayi inkatha mtunda osadandaula.

Panali wometa wina dzina lake Bizaliyele, amene anapitako kunja. Kumeneko, pasiteshoni ya sitima, anaona matailosi odabwitsa: munthu akapondapo, timiyala ta m'kati mwake timafinyika n'kutulutsa magetsi. Chimene sanafunse n'chakuti mababu a pamenepo ankayaka ndi mapazi a chikhamu chodutsa tsiku lonse. Iye anagula tailosi imodzi yokha.

Atafika kwawo anailumikiza ku makina ometera, ndipo malezala ndi sizasi anaziponya m'chimbudzi.

"Zachikale izi," anatero. "Magetsi anga ali kuphazi."

Loweruka m'mawa kunabwera Yotamu, ukwati wake uli tsiku lomwelo.

"Achimwene, mundimete mpala wosalala, apongozi azikadziyang'anira pamutupa."

Bizaliyele anakwera patailosi n'kuyamba kupondaponda. Makina anadya kanjira pakati pa mutu, basi zii. Bizaliyele anayamba kudumpha. Makina anadzuka, koma poti mwini wake ankadumpha, dzanja nalo linkadumpha: apa pameteka, apa patsala, ngati munda wolima munthu ataledzera.

"Mukundimeta kapena mukuvina chimtali?" anafunsa Yotamu.

"Khalani phee, akulu, mukusokoneza magetsi!"

Mpweya utamuthera, Bizaliyele anaona azakhali a mkwati, mayi Nasibeko, mzimayi wathupi lake ndithu, atabwera kudzafulumizitsa mwana wawo.

"Mayi, tapondani apa mwamphamvu."

"Zovina ndiye musandiphunzitse," anayankha akumanga chitenje m'chiuno. Anadumpha, ndipo potera, phwa! Tailosi inagawika pakati.

Yotamu anadziyang'ana pagalasi, misozi ili lengelenge. Panja galimoto ya ukwati inali ikuliza hutala.

"Ndikalowa chonchi, mkwatibwi wanga Esinati andithawa paguwa pomwepo!"

"Bwanji chipewa?" ananong'ona Bizaliyele.

"Chipewa m'tchalitchi? Mwapenga?"

Pakhonde panali munthu wapaulendo, fumbi mpaka m'maondo, akudikira basi. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kalezala kake kometera ndevu. Sopo pang'ono, madzi pang'ono, mutu wa Yotamu unawala ngati chipanda chatsopano. Mkwati anathamangira m'galimoto.

Mayi Nasibeko anaimba nthungululu. Kenako anacheukira Bizaliyele, amene anali atagwada akutola zidutswa za tailosi yake.

"Iwe tsala uzivina ndi magetsi akowo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa!"