Wachinayi Alibe Bokosi

Lolemba

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri silikuoneka, nkhuku zangounjikana pakhonde. Pamudzi ponse amene akutuluka thukuta ndine ndekha, chifukwa a Malume agamula.

A Malume ndi atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba pamudzi pano. Ine ndine mkamwini chabe. Andiitanira pansi pa mpeyala, njinga yanga ataitsamiritsa pomwepo ngati nayonso ili ndi mlandu. Akuti: "Bambo a Tadala, anzanu njinga ikuwadyetsa, inu mukuidyetsa. Loweruka mukapanda kukwera pa kabokosi mumanenako, tiikapo kaliyala, muziyenda kabaza."

Kaliyala! Pa njinga yampikisano! Ya matayala opyapyala, ya mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, imene ndimaipukuta ndi malaya anga abwino!

Ndayankha kuti zikomo. Mkamwini angayankhenso chiyani?

Mpikisanowo uyambira ku Limbe, kutsika msewu wa Midima, kudutsa Thuchila, kudutsa pakhomo pathu penipeni pano pa Chinakanaka, kukathera pa Chitakale. Kumeneko amaika mabokosi atatu, lapakati lalitali. Atatu oyamba amakwerapo n'kujambulidwa, ndipo kalabu ina ya ku Blantyre yati chaka chino iwatenga atatuwo. Wachinayi alibe bokosi. Chaka chatha ndinafika mochedwa moti mayi wina anandifunsa ngati ndikupita ku Muloza kuti ndimutengeko.

Pulani yanga, monga amachitira akatswiri a kunja amene ndimaonera pafoni:
- Kubisala pakati pa gulu mpaka pa mlatho wa Thuchila. M'gulu mphepo simenya, miyendo imasungika.
- Pamlathopo kuthawa gulu, anthu atatu: ine, Yusufu telala wa pa Thuchila, ndi Zuze amene amagulitsa zitenje za ku Mozambiki.
- Kusinthana kutsogolo. Wakutsogolo azidula mphepo, akumbuyo azipuma.
- Osacheuka!

Mabokosi atatu, anthu atatu. Ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kuona kuti zikukwana.

Ndakauza a Mesenjala. Iwo ndi mkamwini mnzanga, koma wakalekale, amuna awo a mayi aakulu a mkazi wanga. Ankayenda pa njinga kuesiteti ya tiyi, dzina la ntchito n'kuwakanirira. Masiku ano amangokhala pampando wawo m'mbali mwa msewu, pamwamba pa kachitunda kathu, ndipo ndikamakwera amagwedeza chipewa akukuwa: "Palasa! Usatsike!" Pamudzi pano ndi iwo okha amene saseka kabudula wanga wothina. Lero akutsokomola kwambiri, koma pulaniyo aikonda.

Lachiwiri

Tikuyeserera. Kuchoka pamlatho mpaka pa Chitakale, atatu pamzere umodzi.

Yusufu ndi munthu! Miyendo inazolowera makina osokera, siidziwa kuima. Akadula mphepo, amakodola ndi chigongono, ine n'kulowa kutsogolo. Ndikatopa ndikukodola Zuze.

Zuze sakubwera.

Ndikukodolanso. Chigongono chatsala pang'ono kuguluka. Ndacheuka, ngakhale lamulo ndi langa lomwe loti osacheuka, ndipo munthu ali phee kumbuyo kwa tayala langa, akudya nthochi.

Akuti: "Amigu, ine ndikukutetezani kumbuyo."

Kutiteteza kwa ndani? Kumbuyo kuli mbuzi zokha!

Ndamufotokozera kuti mutu umodzi susenza denga, kuti gulu lalikulu limagwira othawa chifukwa cha anthu ngati iyeyo. Wavomera zonse, mpaka kundigwira dzanja. Pobwerera wadulako mphepo kamodzi, pamtsetse, pamene ngakhale thumba la makala likhoza kutsogolera.

Pakachitunda a Mesenjala angokweza chipewa osakuwa. Afunda bulangete masana.

Lachitatu

Yusufu wamera chithupsa. Pamalo penipeni pokhalira!

Ndamupeza akusoka ataimirira, phazi limodzi pamakina. Akuti: "Walayi, achimwene, ngakhale mpando wa thonje sindingauyandikire." Ndamuuza kuti akatswiri a kunja amapalasa ngakhale atathyoka phewa. Akuti phewa sakhalira.

Zimene tayesa:
- Nsalu yotentha. Wakuwa.
- Kupinda zidutswa za zitenje pachishalo. Wakhalapo pang'ono, wakuwa mu Chiyao.
- Kupalasa ataimirira. Wafika pamsika basi.

Ndiye tatsala awiri, ine ndi wonditeteza uja. Mabokosi akadali atatu, tisadandaule.

Pobwera ndaona a Malume ali kwa wowotcherera zitsulo, akutambasula manja kusonyeza utali wa chinachake. Atandiona ayamba kuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Kunyumba ndapeza kachingwe ka khonje katamangidwa mfundo ziwiri ngati koyezera, kali pafupi ndi pamene njinga imagona. Mkazi wanga akuti sakudziwa za kachingweko. Akunama, amatsinzina diso limodzi akamanama.

Mpando wa a Mesenjala uli pamalo pake koma mulibe munthu. Ndakwera kachitunda popanda wondikuwira, ndipo kanditalikira.

Lachinayi

A Mesenjala atisiya m'mawa uno.

Ndalira. Ndalirira kuseri kwa khola, chifukwa anthu akanafunsa kuti mkamwini akulira chonchi ngati ndani.

Kwawo kunali ku Mozambiki, kunatha ndi nkhondo, choncho aikidwa konkuno. Mwana wawo wamkazi ali ku Mzuzu, afika mawa madzulo. Mwambo wonse Loweruka masana. Ndinapuma pang'ono nditamva zimenezi, Mulungu andikhululukire, chifukwa mpikisano umatha dzuwa lisanafike pamutu.

Kenaka a Malume andipatsa chikwanje. "Bambo a Tadala, kaduleni masamba muike pamsewu."

Ndadula. Ndakoka nthambi mpaka pa tala. Ndikuziyala bwinobwino kuti aliyense aone kuti pano pali maliro, agalimoto achepetse liwiro, azipewa avule, apanjinga atsike n'kukankha.

Apanjinga atsike.

Ndaima pakati pa msewu, nthambi ili m'manja, mpaka minibasi kundiimbira hutala.

Ndayesa nzeru. Ndaika nthambi zakumunsi ndi zakumtunda moyandikana, pongokwana khomo la siwa. Munthu akhoza kudutsa asanazindikire n'komwe. A Malume abwera, ayang'ana uku, ayang'ana uko. Akuti: "Uyu anali munthu wamkulu. Masamba atalikirane."

Ndakoka nthambi zina mpaka kumunsi kwa kachitunda, zina mpaka kupitirira mjigo. Kachitunda konse kali m'kati. Ndi manja angawa!

Lachisanu

Akatswiri a kunja tsiku lotere amagona chagada, miyendo atakweza pakhoma, wina akuwasisita.

Ine lero:
- Nkhuni, kuchokera kutsidya la mtsinje, mpaka phewa kusupuka.
- Mabenchi a kutchalitchi, pamutu.
- Madzi a adzukulu kumanda.
- Kuthamangitsa mbuzi ya ndiwo imene inadula chingwe. Imeneyo ndiye ikudziwa kuthawa gulu.

Miyendo yanga yathera kunkhuni.

Ndapempha a Malume mwaulemu ngati ndingapitebe mawa. Akuti: "Pitani, tinapangana. Mubwere msanga, poika mukhalepo." Za masamba sananene kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Zuze wabwera kudzapepesa. Watsika njinga patali, chipewa m'manja, nkhope yachisoni kuposa anamfedwa. Pochoka wandinong'oneza: "Amigu, mawa mukatsika inu, inenso nditsika. Tili limodzi."

Koma ine sinditsika. Ndaganiza mokwanira:
- A ku Blantyre satsika, sadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani.
- Ndikavala chisoti ndi magalasi palibe angandizindikire. (Bodza. Kabudula ameneyu amadziwika mpaka ku Luchenza.)
- Malemu eniakewo ankati chiyani? Usatsike!

Ndauza mkazi wanga. Wapitiriza kusankha nyemba, kenaka akuti: "Njinga ndi yanu. Koma maso a anthu muwasenza nokha."

Loweruka

Tapita ku Limbe pa lole ya nthochi. Anyamata a m'tauni njinga zawo zopepuka, akuzinyamula ndi dzanja limodzi. Wina wayang'ana nsapato zanga n'kufunsa ngati ndabwera kudzasewera mpira.

Tanyamuka. Ndabisala pakati pa gulu, mphuno pa tayala la mnzanga. Miyendo ya nkhuni ija, zodabwitsa, ikumvera.

Mlatho wa Thuchila. Yusufu waimirira pamenepo, poti kukhala sangathe, akukuwa dzina langa. Ndaimirira pamapedulo, ndathawa!

Tathawa anayi: ine, anyamata awiri a ku Blantyre, ndi Zuze. Gulu likuyang'anizana kuti athamangitse ndani, aliyense akusunga miyendo yake. Zenizeni za pafoni zija! Ndikudula mphepo, wa ku Blantyre akudula, mnzake akudula. Zuze akutiteteza. Pofika pamsika wa Chinakanaka gulu silikuonekanso kumbuyo.

Anthu anayi, mabokosi atatu. Ndikudziwa kuti pakachitunda kathu Zuze ndimusiya, kachitunda kameneka ndimakadziwa ngati mphasa yanga.

Kenaka masamba. Anga omwe, atayamba kufota.

Ndili kutsogolo. Ndaweramitsa mutu. Usatsike, usatsike. Nyimbo ya amayi a chigwirizano ikumveka. Ndadzutsa maso pang'ono chabe kuti ndione njira, ndipo ndaona anthu ali mbali zonse za msewu, a Malume ataimirira manja kumbuyo, mayi aakulu ali pamphasa amayi awiri atawagwirira. Pamwamba pa kachitunda mpando uja uli pomwepo, wina waikapo chipewa chawo.

Sindikudziwa kuti ndani anagwira mabuleki. Ndangopezeka phazi lili pansi.

Ndavula chisoti. Ndikukankha.

A ku Blantyre adutsa ngati mphepo. Wachitatu wadutsanso, mutu ataubisa pakati pa mahandulo. Zuze!

Kachitunda konse wapansi, nsapato zikuchita phwa phwa pa tala. Mdala wina wandigwedezera mutu. Podutsa pampandopo misozi yangotsika, ndipo sindinganene kuti ikulirira a Mesenjala kapena bokosi, mwina zonse. Mjigo sukufika. Ndani anaika masamba kutali chonchi?

Ndadutsa nthambi yomaliza, ndalumphira. Kumbuyo gulu likubwera likulira ngati njuchi. Ndapalasa mpaka m'kamwa kumveka magazi, ndekhandekha, wodula mphepo palibe. Atatu aja ndikuwaona patali, akucheperachepera. Pa Chitakale ndalowa gulu lili pa tayala langa.

Wachinayi.

Ndaima kuseri kwa anthu, pafupi ndi ogulitsa chipisi. Zuze ali pabokosi, wakweza manja onse awiri, akumwetulira wojambula. Munthu amene wadula mphepo kamodzi sabata yonse! Atatsika akuti: "Amigu, masamba ake ati? Ine ndimangoona tayala lakutsogolo." Pamenepo sananame.

Wa kalabu wandifunsa ngati tcheni chinaduka. Ndati ayi, kunali maliro. Akuti: "Pepani, mudzayesenso chaka chamawa," maso ali kale kwa Zuze.

Ndabwerera ndi njinga yomweyo. Pamasamba ndatsikanso. Poika ndinalipo, ndathira nawo dothi.

Madzulo a Malume andigwira dzanja pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire ine pano. Akuti: "Mwatichotsa manyazi, bambo a Tadala. Mudzi wonse ukukamba za inu." Ndikudikira kuti amalize.

"Wowotcherera uja akuti mawa m'mawa ali ndi mpata."

Lamulungu

Chiperoni chabwerera.

Ndakasesa masamba pamsewu, poti ndi ntchito ya amene anawaika. Mpando wa a Mesenjala alowetsa m'nyumba.

Kaliyala aika. Yakuda, yolemera, ndi khushoni yofiira ya mphonje. Tayala lakumbuyo asintha, aika lonenepa. Mahandulo okha awasiya, akuti makasitomala aziona kuti woyendetsa ndi wa liwiro. Njinga yanga sindikufuna kuiyang'ana kumaso.

Mkazi wanga wandiphikira tiyi wa mkaka osandiuza chifukwa. Yusufu watumiza uthenga kuti chithupsa chaphulika, ali bwino tsopano, angathe kukhala. Zuze akuti apita ku Blantyre Lachiwiri kukayesa yunifolomu ya kalabu, ndipo akufunsa ngati ndingamuperekeze kusiteji ndi katundu wake.

Kasitomala woyamba ndi a Malume, salipira. Akuti ndiwatenge kutchalitchi pobwerera, mawondo akuwawa ndi zadzulo. Akhala pakhushoni, agwira malaya anga. Njinga ikulira. Ndikangowonjezera pang'ono akundigwira paphewa: "Pang'onopang'ono, bambo. Kuthamanga sikufika."

Watipitirira wamakala, matumba atatu. Watipitirira mayi wa nkhuku m'dengu. Watipitiriranso mlaliki atavala jekete, akuimba. Ndawerenga mosafuna, ndipo ndine wachinayi.

Tafika pakachitunda. Ndaimirira pamapedulo, miyendo ikukumbukira yokha. Pamwamba palibe mpando, palibe chipewa, pangotsala timaenje tinayi m'dothi pamene miyendo ya mpando inkakhala. Ndikumvetsera ngati wina akuwa.

Kumbuyo kwanga a Malume akuti: "Apa m'pokwera. Tsikani tikankhe."

Ndatsika.