Shuga Atakana Kukwera Paipi

Ku fakitale kumene ndimagwira ntchito kuli anthu amene sadziwa dzina langa lenileni, amangonditcha a Switi. Sindikwiya nazo. Amene analipo tsikulo ali ndi chifukwa chomveka.

Fakitaleyi ndi yaing'ono, ili kumunsi kwa Ndirande, ndipo timapanga majuwisi a m'mabotolo. Mwini wake ndi Mayi Jafali, munthu wosalankhulalankhula amene anayamba n'kugulitsa mafilizesi pamsika. Ndidakali pa miyezi yoyesedwa ntchito, anandiuza kuti atopa kuona antchito akutuntha madzi a shuga m'zidebe kuchokera pa thanki yophikira kukathira m'thanki yosakanizira, imene ili m'mwamba kuchipinda china. Ankafuna pampu ndi paipi, ndipo anandifunsa ngati ndingathe. Ndinayankha kuti zimenezo n'zimene ndinaphunzira kukoleji (satifiketi ndinaitchulanso, ngakhale sanaifunse).

Posankha pampu sungoyeza kuti thanki ili m'mwamba bwanji ayi. Madzi akamayenda amakhulana ndi m'kati mwa paipi, ndipo mphamvu ina imathera pamenepo. Paipi ikatalika, ikachepa kamwa, kapena ikakhala yokhotakhota, mphamvu yotayikayo imachuluka. Zonsezi ndinaziwerengera bwinobwino, maelibo okhotetsera paipi ndi mavavu otsekera madzi omwe. Ndinasankha paipi yowonda chifukwa inkaoneka mwaudongo pakhoma. Chimene ndinaiwala n'chakuti manambala anga anali a madzi wamba, a pampopi. Madzi athu a shuga ndi olemera ngati uchi, ndipo akazizira amalimbirako.

Lachisanu tinayesa ndi madzi wamba, ndipo anafika m'mwamba mothamanga. Tsiku lonselo ndinayenda m'fakitale manja ali m'thumba.

Lolemba kunacha ndi chiperoni. Shuga anali ataphikidwa Loweruka, n'kugona m'thanki mpaka kuzizira. Tsiku lomwelo kunabwera bambo wina wa holoselo ku Limbe amene ankafuna kuona fakitale asanayambe kutioda katundu. Mayi Jafali anamubweretsa kuti aone pampu yatsopano. Ine ndinali nditavala malaya oyera ndi tayi (musandifunse).

Ndinayatsa, pampu inalira, tonse tinayang'ana kumwamba. Titadikira ndithu, pakamwa pa paipi panatsika kashuga kowonda ngati ulusi. Mlendoyo anafunsa mwaulemu ngati imagwira choncho nthawi zonse. Ndinati m'paipi mwalowa mpweya. Ndinatseka vavu n'kuitsegulanso, osasintha. Ndinagogoda paipi ndi sipanala, osasintha. Kenako ndinalengeza kuti chinachake chatsekereza, ndipo ndinagwada kuti ndimasule polumikizira, pafupi ndi pampu.

"Mwazimitsa kodi?" anafunsa Mayi Jafali.

"Ndingomasula pang'ono pokha, mayi."

Shuga amene ankakana kukwera uja anapeza njira yachidule. Anayambira kumaso, n'kutsikira m'malaya mpaka m'nsapato. Mlendo anathawira kuseri kwa diramu. Mayi Jafali anayenda mosapupuluma, n'kukazimitsa pakhoma, ndipo anandiuza kuti ndipite kunyumba ndikaganize.

Kubafa la antchito madzi anali atasiya, choncho ndinanyamuka mmene ndinalilimo. Pofika pasiteji dzuwa linali litatuluka, njuchi nazo zitandipeza. Minibasi yoyamba inandipitirira ngakhale munali malo. Kondakitala wa yachiwiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyala katoni pampando wa kumbuyo.

"Bigi, khalani pakatonipo basi, ndipo musagunde munthu."

Sindinagunde munthu. Mwana wa mayi amene ndinakhala naye pafupi ndiye ankandinyambita mkono wa malaya mayi ake akayang'ana kumbali. Nditatsika ku Chilomoni ndinayenda mtunda ndithu ndisanadziwe kuti katoni yamatirira kuthalauza.

Zinandifika m'mutu ndikusamba, ndikulimbana ndi zala zomatana. Chinthu chokana kuchoka pakhungu chikanayenda bwanji ngati madzi m'kapaipi kowonda? Panalibe chotsekereza chilichonse. Mphamvu yonse ya pampu inkathera m'njira.

Mawa lake ndinawerengera mwatsopano n'kukafotokozera Mayi Jafali kuti pakufunika paipi yaikulu kamwa, kuchotsa maelibo ena, komanso kumapopa shuga adakali wofunda. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungofunsa ngati ulendo uno ndawerengera za shuga kapena za madzi. Ntchito sanandichotse. Bambo wa holoselo uja anaoda katundu ndithu, akuti anadzionera yekha kuti sitiumira shuga.

Masiku ano ndisanagwire kakyuleta ndimayamba ndaviika chala m'chimene chidzayende m'paipimo, kuti ndimve kulemera kwake. Mwezi watha mnzanga wa ku Bangwe amene amapanga sopo wamadzi anandiitana kuti ndimusankhire pampu. Chala ndinaviika bwinobwino. Koma poti ndinazolowera za kuntchito kwathu, ndinachiponyanso m'kamwa.