Birame Tine ndi Madigiri Ake Makumi Awiri

Aliyense amene amagula ndiwo pamsika wathu ku Thiès kuno akudziwa kuti malemu Birame Tine anatha zaka zisanu ndi zinayi akusankha makina onolera mipeni, ndipo zaka zonsezo sananoleko mpeni ndi umodzi womwe mpaka kuumaliza. Ine ndine Mor Talla, wonola mipeni pafupi ndi mabenchi a nsomba. Ndikamati munthuyu anali wotopetsa, ndikunena zimene ndinkapirira m'mawa uliwonse.

Ntchito yake inali yopala zitsulo za sitima zapanjanji, ndipo atapuma anatulukira chiphunzitso chakuti dzanja la munthu ndi labodza. Ankati mpeni uyenera kugona pamwala mopendekeka madigiri makumi awiri, osaonjeza, osachepetsa, ndipo chodziwa zimenezi ndi makina okha, aja okhala ndi chopanira mpeni ndi kandodo kachitsulo koyendetsa mwala. Ife onola ndi manja ankatitcha okanda zitsulo.

Ankabwera atavala mkanjo wosita bwino, m'thumba mutadzaza zithunzi za makina. Ankakhala pabenchi langa, kumwa tiyi wanga, n'kumauza makasitomala anga kuti ndikuwaonongera mipeni. Mayi wina wogulitsa nsomba atatopa naye anamufunsa kuti nanga iwo abambo amanolera kuti.

“Ine sindinayambe kunola, mayi,” anatero Birame. “Ndikadasankha. Kunola aliyense akhoza, onani uyu.”

Uyu ameneyo ndinali ine.

Mwana wake Ndella, amene amagwira ntchito ku Italy, anamutumizira makina mitundu itatu. Oyamba anawakana chifukwa chopanira chake chinasiya kachipsera pa mpeni, kachipsera kamene ankakaona yekha. Achiwiri anati kandodo kake kankagwedera ngati dzino la nkhalamba. Achitatu anawatama sabata yathunthu, kenako anawatsekera m'sutikesi poopa fumbi, n'kuyambanso kufunsa ngati kulibe ena oposa amenewo.

Nthawi yonseyi mipeni ya m'nyumba mwake inali yoletsedwa kufika kwa ine. Mkazi wake, mayi Rokhaya, ankangoibisa pansi pa kabichi m'dengu, ine n'kuinola iwo akugula tomato. Birame ankati akayesa mpeni wa kukhitchini pa ubweya wa pamkono wake, ankabwera kudzandiphunzitsa kuti chitsulo chabwino sichibuntha ngati zitsiru sizinachigwire. Ndinkavomera kuti zoona zokhazokha.

Chaka china, chikondwerero cha Asilamu cha Tabaski chitayandikira, pamene bambo aliyense amazinga nkhosa pakhomo pake, Ndella anabwera kumudzi, ndipo makolo a mnyamata womufunsira analonjeza kuti adzachokera ku Kaolack kudzadya nawo. Birame analengeza pamsika kuti wasankha. Makina a m'sutikesi aja ndiwo apambana, ndipo anthu adzaone mmene nkhosa imafera mwaulemu. Mpeni wozingira anaubisa pansi pa matiresi, moti mayi Rokhaya sanathe kuupeza.

Tsikulo litafika, titachoka kumapemphero m'mawa, Birame anayala tebulo pabwalo n'kuyamba kulumikiza makina ake. Pofika teni koloko makomo onse anali kununkhira chiwindi chowotcha. Kwa Birame nkhosa inali chimangire pamtengo, ikudya makatoni. Alendo anafika, anapatsidwa mpando, anamwa madzi, anamwa tiyi, anamwanso tiyi. Iye anawafotokozera kuti miyala ilipo isanu, wokhakhala mpaka wosalala, ndipo uliwonse uyenera kudutsa maulendo makumi anayi mbali iliyonse. Dzuwa lili paliwombo anali pa mwala wachiwiri, mbali yoyamba. Kenako zinadziwika kuti mpeniwo ndi wautali kuposa kandodo kaja. Pakati unkawala ngati kalilole, koma kunsonga sukanadula ngakhale papaya.

Bambo wa mnyamata uja anayesa mpeniwo ndi chala, n'kunena mofatsa kuti chipembedzo sichilola kuzunza chiweto ndi mpeni wobuntha. Mkazi wake anali atayamba kale kufunafuna nsapato zake kuti azipita. Ndella analowa m'nyumba akulira. Apa mpamene mayi Rokhaya anabwera okha kunyumba kwanga, mpango uli pakhosi, n'kundiuza kuti ndikachedwa ukwati wa mwana wawo uthera pa tebulo lija.

Ndinapita ndi mwala wanga wakale m'thumba. Birame anaimirira kutsogolo kwa makina ake.

“Mor Talla, pano si pamsika.”

“Ndaona, akulu. Pamsika anthu adya kale.”

Mayi Rokhaya anamasula mpeniwo pachopanira osamuyang'ana n'komwe mwamuna wawo. Ndinakhala pakhonde, kuthira madzi pamwala, ndipo tiyi wa alendo asanazizire mpeni unali ukumeta. Birame anati msana wamugwira, choncho mlendo uja ndiye anazinga. Anthu anadya mochedwa koma anadya, ndipo ukwati unachitika chaka chomwecho. Ine ndikutsuka m'manja, Birame anatola mpeni uja, anaupenda padzuwa, n'kundiuza kuti ndaika madigiri makumi awiri ndi atatu, ndiye kuti nkhosayo yafa molakwika. Mawa lake anali pabenchi langa, akufunsa ngati tiyi wapsa.

Anamwalira miyezi ya mvula yapitayi, atadwala masiku ochepa. Patapita masiku makumi anayi, mayi Rokhaya anandibweretsera makina onse atatu kuti ndione chochita nawo. Ndinawauza kuti chitsulo chake chikhoza kukhala chabwino popachikira matumba. Anaseka pang'ono, kenako anandifunsa ngati ndinaonapo mwamuna wawo atadzaza tiyi m'kapu mpaka pakamwa. Ndinaganiza, ndipo sindinakumbuke. Anati manja a Birame anayamba kunjenjemera asanapume ntchito, ndipo n'chifukwa chake anapuma msanga. Munthu amene anyamata a kunjanji ankabwera kudzaonerera akamapala chitsulo anafika polephera kusenda lalanje. Ankafuna chinthu chomugwirira mpeni, koma analibe mtima wonena choncho pamaso pa munthu ngati ine.

Musaganize kuti ndasintha maganizo. Anali wamwano, ndipo makina ake ndi zoseweretsa za anthu amene sadziwa njala ya alendo. Akanangondiuza, bwenzi ndikumunolera mwakachetechete, iye n'kumanyada kunja mmene akufunira.

Koma pamsika pano pazizira. Anthu amabwera, kusiya mipeni, kutenga, kupita, ndipo palibe amene amaupenda padzuwa. Sabata yatha ndinanola chikwanje cha wogulitsa nyama ndikucheza ndi munthu wina, ndipo ndinaona ndekha kuti mbali imodzi ndaidya kwambiri. Ndinamupatsa choncho, n'kudikira. Anachilandira, anathokoza, anati ndine katswiri. Ndinamuthamangira mpaka pa mabenchi a anyezi kukachilanda, ndipo ndinabwerera nacho pamwala ndikudzitukwana ndekha, poti wina wondichitira ntchito imeneyo palibenso.