Bwerani Mudzavale Chovala Chanu Pamaso pa Apongozi Anga

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Bungwe la Amuna Olimba a Masewera Atatu,
Ku Lusaka.

Bwana Wapampando,

Ndagwada, ngakhale kuti masiku ano maondo anga akafika pansi amafuna munthu wowadzutsa. Ndine Mordecai Chipungu, wogulitsa mbewu ndi feteleza pamsika wa Rufunsa. Dzina simungalikumbukire, koma nkhope yanga muli nayo. Ndine wamimba uja munamugwira dzanja pachithunzi chaka chatha, pamene munabwera kudzatiphunzitsa ife akumudzi kuti munthu angathe kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga tsiku limodzi popanda chomuthamangitsa. Ndalemba poyera chifukwa nambala ya foni imene munatisiyira imangolira, ndipo sindikufuna kuitopetsa. Ndili ndi mawu othokoza, komanso kapempho kamodzi kakang'ono: mkazi wanga Dorcas ali kwa amayi ake, ndipo munthu amene angamubweze ndi inu.

Ndiyambe ndafotokoza chimene chinandiimiritsa tsiku lija anzanga onse atazyolika. Mkulu wanga Philemon anali munthu wolongolola, woti akayamba nkhani pamaliro anthu ankaiwala kulira. Sitiroko inamugwetsa pakhomo pa nkhokwe. Lero amakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, kamwa itapotoka, kudikira womupukuta dovu. Mwezi womwewo namwino wina anandikulunga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, napopa, nayang'ana, napopanso. Kenako anati, "Ba Chipungu, mukapitiliza so, gulani chabe mpando wina muike pafupi na wa bakulu banu." Ndinachita mantha, Bwana, ndipo mpaka lero ndimachita mantha. Choncho mutafunsa kuti ndani akufuna moyo wautali, dzanja langa linakwera lokha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ulendo wanu uja. Munabwera ndi zimkuzamawu, tenti, madzi a m'botolo ndi wojambula. Munalonjeza mphunzitsi, njinga zopyapyala za mpikisano ndi dziwe losambiramo la simenti. Zonsezi tikuzidikira mosadandaula, poti tikudziwa kuti msewu wochokera ku Lusaka uli ndi mapiri ambiri ndipo dziwe ndi katundu wolemera. Ndinalimbanso mtima kwambiri nditakuonani mukuyenda kuchokera pagalimoto kufika patenti, wina atakufunditsani ambulera, inu mukupuma ngati mwakwera phiri. Ndinati mumtima, ngati mimba iyo ndi ya mkulu wa ochita masewera, yanga ikadali mwana. Pochoka munandisiyira mphatso imodzi, chovala chakuda chamaphira cholumikiza malaya ndi kabudula, zipi yake ili kumsana. Munati amuna enieni a mpikisano amavala chimenechi kuyambira m'madzi mpaka pomaliza, osavula. Anzanga apamsika anachitcha chikumba cha mlamba, koma ine ndinachilandira ndi manja awiri.

Chachiwiri ndi nkhani ya kuthamanga. Simunatiuze, mwina poopa kutichulukitsira nzeru, kuti ku Lusaka munthu amathamanga popanda chifukwa ndipo anthu amangomuyang'ana. Kuno bambo wa imvi akathamanga ndiye kuti kwagwa maliro, kapena nyumba ikupsa, kapena kumbuyo kwake kuli chinthu choti nawenso uthawe. M'mawa woyamba ndisanafike n'komwe pachigayo, ndinali ndi gulu pambuyo. Ena ananyamula zikwanje, ena zidebe za madzi. Mayi wina anayamba kale kulira asanadziwe womwalira. Nditaima kuti ndipume, mkulu wina wampingo anandigwira paphewa nati, "Limbani mtima ba Chipungu. Ni ba Philemon?" Ndinayankha kuti ndikungothamanga basi. Anthu aja anabwerera okwiya, ndipo ena sanandikhululukire chifukwa anasiya phala pamoto.

Atazolowera, panabuka vuto la moni. Kuno munthu sadutsa mnzake ngati akudutsa chitsa. Uyenera kuima, kufunsa mmene adzukira, mmene ana adzukira, ngati mwendo uja wasiya kupweteka, ndiponso ngati ng'ombe yotayika ija inapezeka. Ndimatuluka m'nyumba ndi mtima wa mpikisano, koma ndikamafika pamlatho ndimakhala nditamva za matenda a mudzi wonse, thukuta litauma kale. Tsiku lina ndinayesa kungokweza dzanja monga munachitira inu pagalasi la galimoto. Mlungu umenewo anthu anakagula mbewu kwa mnzanga wa sitolo yoyandikana nayo, akuti Chipungu wayamba matama.

Za njinga ndithokoze mwachidule. Podikira yanu yopyapyala ija, ndimapalasa yanga yakale yonyamulira feteleza. Koma njinga yopanda katundu kuno ndi chipongwe kwa oyenda pansi. Ndanyamula matumba a chimanga, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi agogo ena amene anandiuza njira yonse kuti ndikupalasa ngati ndadya dzulo. Tsiku lina anandikweza mayi wodwala pakati kuti ndithamangire naye kuchipatala ku Mpanshya. Liwiro limene ndinapalasa tsiku limenelo sindinalipalasenso, ndipo ndikupepesa kuti wojambula wanu panalibe.

Kusambira ndiye ndakhala ndikuphunzira padamu pomwera ng'ombe. Madzi ake amafika m'maondo, kotero ndimagona chafufumimba n'kumakwawa, ng'ombe zikundiyang'ana mwaulemu. Wina anandiuza kuti ndikayese ku akasupe otentha a ku Chinyunyu. Ndinaviika phazi limodzi, ndipo ndinamvetsa zimene nkhuku imamva isanasosoledwe.

Zonsezi Dorcas anazipirira. Anapirira ngakhale pamene mimba yanga inayamba kuphwa, mimba imene anaimanga yekha zaka zonse za ukwati wathu, azimayi anzake n'kumamufunsa kutchalitchi ngati wasiya kuphika kapena ngati kunyumba kwalowa matenda. Ankangonena kuti, "Atate Thelma, thamangani, koma ico cikumba musavale pa anthu." Ndinamumvera miyezi yambiri. Chovala chanu chinkagona pansi pa sutikesi.

Ndataya chiwerengero cha zothokoza zanga, Bwana, koma nkhani yaikulu ndi iyi. Loweruka lina m'nyengo yozizira ndinaganiza zochita zinthu monga munaphunzitsira, zitatu zonse motsatizana, nditavala chovala chenicheni. Kuchilowa kunali ngati kubweza mtedza m'chikhokho chake, koma ndinalowa, ndipo zipi ndinaikoka ndi waya. Ndinakwawa m'damu muja, ndinatuluka ndikunjenjemera, chovala chitandimata moti chilichonse chimene Mulungu anandipatsa chinkawerengeka. Ndinakwera njinga. Pasanapite nthawi tcheni chinaduka. Ndinakumbukira mawu anu akuti mwamuna wa mpikisano sabwerera m'mbuyo, ndiye ndinaigoneka m'tchire n'kuyamba kuthamanga m'kanjira kodutsa tsidya la mtsinje, kumene ndinkaganiza kuti sindikumana ndi munthu.

Ndinakumana ndi apongozi anga, amayi ake a Dorcas, ali patsogolo pa azimayi a kwaya akuchokera kokazonda wodwala.

Mwina ku Lusaka mumapatsana dzanja ndi apongozi anu n'kumaonera nawo mpira pampando umodzi. Kuno sizitero. Chikwatirire sindinayambe ndayang'anana nawo m'maso mayi amenewa, sindinadyepo pamaso pawo, ndipo tikakumana panjira ine ndimapatuka, kunyonyomala patali n'kuwomba m'manja mpaka atadutsa. Thupi langa linachita zimenezi lokha mutu usanaganize. Ndinadumphira m'tchire lakumanzere, ndinanyonyomala, ndinayamba kuwomba m'manja. Tchire limenelo linali la chitedze chouma.

Bwana, ndinayesetsa. Ndinaluma mano, ndinapemphera, ndinawomba m'manja mwamphamvu kuti ndiiwale. Koma ubweya wa chitedze utalowa m'khosi n'kutsikira m'kati mwa chovala chonyowa, ulemu unatha. Ndinatumphukira panjira pomwepo, pamaso pawo, ndikudumpha, ndikudzikanda, ndikuzungulira ngati galu wofuna mchira wake pofunafuna zipi imene anzeru anu anaiika kumsana. Ndinadzikhuza pamtengo. Ndinagubuduka mumchenga. Ndikukumbukira kuti pakati pa zonsezi ndinkafuulabe kuti, "Mwauka bwanji amayi!" Apongozi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Azimayi a kwaya anabalalika, wina akuitana dzina la Yesu, wina atataya nsapato.

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itafika kale pamsika, ndipo inafika itanenepa. Akuti Chipungu anakatenga mankhwala a bizinesi, ndipo chizimba chake n'choti azisamba ndi ng'ombe m'mamawa atavala chikumba, kenako akavine pamaso pa apongozi ake. Ena anati n'chifukwa chake akuonda. Madzulo ake Dorcas anandipaka mafuta thupi lonse. Atamaliza anasamba m'manja, anamanga zovala zake m'chitenje, napita kwa amayi ake. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa.

Mlandu unakambidwa pabwalo la apongozi. Iwo anakhala chofulatira, ine kutali pansi, mawu akudutsa mwa ankhoswe athu a Bornface. Ndinafotokoza za namwino ndi za Philemon. Ndinalumbira kuti chovala chija si cha mankhwala, kuti mabwana akuluakulu a ku Lusaka amachivala masana, ndipo ndinatchula inu monga mboni yanga.  Kenako apongozi anauza ankhoswe kuti, "Muwauze atate ake Thelma kuti ine amuna anga n'nawaika m'manda na matenda yamene aya. Sinifuna mwana wanga avale zakuda. Athamange. Koma ico cikumba, abwere mwine wake acivale pano pabwalo, tione ngati ni covala ca munthu wa mutu wabwino. Akabwera, Dorcas azabwerera ku nyumba yake."

Ndinavomera msangamsanga, Bwana, poti ndinadziwa kuti munthu amene anatikonda mpaka kudzajambulitsa nafe sangakane kanthu kakang'ono ngati aka. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuimba foni ija.

Pakali pano ndimathamangabe m'mawa uliwonse, nditavala buluku ndi jekete ngati munthu wochedwa basi. Namwino akuti magazi ayamba kumvera. Ndinabwera nayo nkhani yabwinoyi kunyumba, ndipo ndinalibe woti ndimuuze. Nyumba ili zii. Mwana wathu Thelma akaimba foni kuchokera kukoleji amafunsa amayi ake, ine n'kumati apita kumunda. Ndamusowa mkazi wanga, Bwana, ndipo pamsinkhu wanga sindichita manyazi kunena. Chimene chimandilimbitsa n'chakuti ndikamadutsa pafupi ndi mudzi wa apongozi, pachitsa cha m'mbali mwa njira ndimapeza kapu ya munkoyo yovundikira ndi kambale. Kapuyo ndimaidziwa, inachoka m'kabati yathu. Ndimamwa, ndimaibweza pachitsa, ndipo sindinafunsepo munthu.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri monga ndinalandirira mphatso yanu. Bwerani Loweruka lililonse limene mungapeze mpata. Simufunika kubweretsa dziwe, kapena njinga, kapena mphunzitsi. Zimenezo tinazolowera kuzidikira. Mungobwera ndi thupi lanu. Galimoto mudzaisiya pamsewu waukulu chifukwa kwa apongozi siifika, ndipo ine ndidzakunyamulani pakaliyala, zimene zidzandikwanira masewera a mwezi wathunthu. Chovala chilipo. Musade nkhawa za kukula kwake, chimatanuka, ndipo zipi ndidzakukokerani ndekha ndi waya uja. Ndachichapa kangapo, ngakhale ndiyenera kunena zoona kuti ubweya wa chitedze sutheratu m'misoko. Mudzangoima pabwalo, kuzungulira kamodzi kuti azimayi a kwaya aone mbali zonse, n'kupereka moni kwa apongozi anga mutanyonyomala. Wojambula uja musamusiye.

Mukalephera kubwera, sindidzakusungirani chakukhosi. Ndidzapitiriza kuthamanga m'jekete langa, kumwa munkoyo wa pachitsa ndi kubwerera kunyumba yopanda munthu, chifukwa mpando uja ndimauopa kuposa manyazi. Koma poti munatikumbukira ife pa nkhani ya moyo wautali, nanenso ndakukumbukirani. Mmene ndinakumverani mukupuma patenti paja, ndapempha kale akubanja kuti akusungireni malo. Pansi pa mango wa Philemon mthunzi ulipo wokwanira mpando wina, ndipo kumeneko palibe amene adzakufunseni za malonjezo.

Ine wanu wogwada movutikira,

Mordecai Chipungu,
Membala yekhayo wa bungwe lanu m'boma la Rufunsa,
Mwamuna wa Dorcas, ngati mungalole.