Kulongedzera njati ya ku Luangwa

Lolemba

Ndikupita ku Zambia! Kukasaka njati! Ine amene!

Ndilembe bwinobwino kuti mawa ndisayese ndimalota. A Harold, madala achizungu amene ndimawasamalira ku Greenwich kuno ku London, akufuna kukasaka ku Luangwa komaliza. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi atatu. Mwana wawo, a Fiona, akuti bambo sangapite okha, pakufunika wowapatsa mankhwala ndi wowamangira zingwe za nsapato. Amayenera kupita ndi mnzanga wina wa kuntchito, koma wamva za njoka ndipo wabwerera m'mbuyo. Mwayi wagwera ine. Tinyamuka sabata yamawa.

Pamapu, chala changa chimodzi chikuphimba Luangwa, Chipata ndi Mchinji. Amayi ali ku Mchinji. Chibwerereni kuno sindinawaone. A Harold akuti, "Ukagone kwa mayi ako, njatiyo ndithana nayo ndekha." Munthu ameneyu!

Katundu wawo wayalidwa kale pabedi la m'chipinda cha alendo:

malaya a khaki, ositidwa mpaka mzere ukhoza kukucheka
chipewa chachikulu ngati lichero
majombo achikopa, akale kuposa ine, koma ukhoza kudziwonerapo nkhope
magalasi oonera patali
mpeni m'chimake
masokosi awiriawiri ngati ana a sukulu pamzere

Ine ndimaponya zovala m'sutikesi n'kukhalapo pamwamba. Lero ndaona kulongedza kwenikweni.

Pakhoma pali chithunzi chawo ali mnyamata, phazi pamwala, nyanga za njati pambali. Andifunsa ngati ndinasakapo. Ndati eya. Sanafunse nyama yake, inenso za mbewa sindinatchule.

Lachiwiri

Tsiku loyesa zovala.

Zovala n'zomwezija, koma mwini wake anachepa. Kabudula akangomusiya akutsika yekha mpaka m'mapazi. Chipewa chikufika pamphuno. Jekete yoti inapita ku Africa n'kubwerako yamoyo, njenjete zaimaliza kuno ku London, kumsana kuli ngati sefa.

A Harold osadandaula n'komwe! Atenga msomali ndi hamala, aboola lamba. M'chipewa apindiramo nyuzipepala. Za jekete akuti, "Mphepo izilowa bwino." Ndikanakhala ine bwenzi nditakhala pansi n'kumatukwana njenjete.

Majombo ndiye atipatsa ntchito. Mapazi awo amatupa masana. Ine kukoka kuno, iwo kukankha uko, thukuta kamukamu. Lakumanja lalowa. Lakumanzere lakana mpaka tapaka sopo kuchidendene. Atavala ayenda kuchokera kukhitchini kufika kuchitseko chakumaso, mutu m'mwamba, ndodo mmanja ngati ya mkulu wa asilikali. Ndaomba m'manja.

Kuvula kwake sindilemba.

Madzulo kukwaya za ulendowu ndauza munthu mmodzi yekha, Mayi Nkhoma, nesi wa ku Ilford. Ndawapempha kuti zikhale za awirife. Akuti, "Ine? Pakamwa panga m'pa manda."

Lachitatu

Manda aja afukuka.

Foni yayamba kulira ndisanasambe n'komwe. Pobwera kuntchito ndapeza khonde la nyumba yathu ku Lewisham ladzaza majumbo, lililonse lili ndi dzina ndi mudzi. Kachipinda kanga kamodzi komweka tsopano muli:

mafoni akale, ena osweka galasi
suti ya mkwati wa ku Area 25
nsapato za ana zosadziwika eni
mafuta odzola, botolo lina latayikira kale pa suti ija
mpoto wamagetsi wophikira mpunga
diresi la ukwati, lotupa ngati tenti
chithunzi cha mufelemu, cha ana a Mayi Nkhoma

Ndikufotokoza kuti sindikupita ku Lilongwe, ndikupita kutchire. Palibe akumva. "Mchinjitu ndi Lilongwe yomweyo, achimwene." A Tembo, a ku Zambia amene timapemphera nawo, abweretsa batire ya galimoto. "Iwe mudala, Chipata ni pa njira chabe, uzaponya pa windo."

Ndauza a Harold mwamanyazi. Aseka mpaka kutsokomola. Kenako alowa m'chipinda cha alendo, atulutsa nsapato zawo zina, mabuku ndi mkanjo wosambira, n'kundipatsa theka la sutikesi yawo yachiwiri. Akuti, "Kwanu munthu safika chimanjamanja, zimenezo ndikuzidziwa." Mzungu ameneyu anabadwira kolakwika.

Diresi la ukwati tsopano lagona pamwamba pa mpeni wosendera njati.

Batire ndakana. A Tembo aisiya pakhomo.

Lachinayi

Mfuti!

Imakhala m'kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, kiyi ali pakhosi pawo. Atsegula mwaulemu ngati abusa akuvundukula mgonero. Chinthu chokongola! Thabwa lake lofiirira, losalala, pachitsulo anajambulapo masamba. Andionetsa kuti mulibe chipolopolo, kenako aonanso okha kachiwiri. Akuti mlenje weniweni amaopa mfuti yake kuposa nyama.

Aiyika paphewa kuti andionetse kaimidwe kake. Phazi kutsogolo, diso limodzi tsinzi, mpweya gwa. Kwa kanthawi ndaona mnyamata wa pachithunzi uja, ndithu. Kenako mfuti yayamba kulemera, kamwa lake kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pazenera, kufika pa wailesi, kufika pa mphaka. Madala akhala pa sofa, phi! Mphaka sanasunthe.

Masana aimba foni za chilolezo chotulutsira mfuti kunja. Zikuoneka kuti mapepala ena anayenera kupemphedwa kalekale, ndipo sangatuluke tisananyamuke. Ine mtima phwii. Iwo angoti zikomo kwa wa pafoniyo, apukuta mfuti ndi kansalu, aibwezera m'kabati. "Tikabwereka konko, yopepukirako." Basi! Nkhani yatha, tiyi abwere.

Kunyumba ndapeza majumbo ena. Bedi langa silikuoneka. Ndigona chopinda miyendo.

Ndaimbira amayi. Nthungululu mpaka foni kunjenjemera.

Lachisanu

Kwa dokotala, kukatenga mapilitsi oteteza malungo.

A Harold avala tayi. Ine ndanyamula thumba la mankhwala awo onse monga anatiuzira: a mtima, a magazi, a bondo, a shuga, ndi ena oletsa kuti enawo asamenyane m'mimba. Dokotala, mayi wamng'ono wa mawu ofatsa, wawayala patebulo n'kuwawerenga onse.

Mafunso ake: Kumeneko chipatala chili patali bwanji? Kumatentha motani? Patsiku muziyenda mtunda wotani? A Harold ayankha zonse moona, osachepetsa ngakhale chimodzi. Ine mumtima: madala, namizaniko pang'ono! Ayi ndithu. Akuti njati umaitsata wapansi, nthawi zina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu.

Dokotala akuti sangawamange miyendo, koma kalata imene a inshulansi akufuna sangalembe ndi mtima umenewu.

A Fiona afika madzulo, maso ofiira. Mkangano m'chipinda chochezera, ine ndili kukhitchini kutsuka kapu yoyera kale. Ndamva a Fiona akuti, "Bambo, sindikufuna mubwere m'bokosi." Ndamva madala akuti, "Nanga pampando uwu ndiye ndisafe?"

Pomaliza apangana. Mawa tikwera chitunda cha m'paki ya Greenwich, atavala zonse za kutchire. Akafika pamwamba osapuma, a Fiona akasaka dokotala wina. Akapuma, ulendo watha. Ganizoli ndi la madala eni ake, ndipo agwirana chanza ngati anthu a bizinesi.

Ambuye, chitundacho chitsikeko usiku uno.

Loweruka

Kamvula kowaza. Sopo kuchidendene, majombo alowa. Khaki, chipewa, magalasi pakhosi, jekete ya zibowo. Pa basi mnyamata wina wawapatsa mpando n'kuwachitira sailuti.

Poyambira chitunda akuyenda ngati mfumu. Alendo oona malo akuwajambula, akuyesa ndi sewero. A Fiona kumanja, ine kumbuyo, manja otambasula kuti ndiwawakhe. Atichenjeza: wowagwira aliyense, mpikisano wafa.

Benchi yoyamba aidutsa osaiyang'ana. Mtima wanga ukuimba kwaya! Ndikuona kale fumbi la msewu wa kwathu.

Chitunda chayamba kuimirira. Watipitirira mayi wokankha mwana. Atipitirira agogo ena othamanga. Katipitirira kagalu ka miyendo itatu. Madala mpweya ukulira ngati pampu ya njinga, koma phazi likutsatabe linzake. Khosi lafiira. Sindinaonepo munthu akulimbana chonchi, ndipo mwadzidzidzi ndapezeka ndikupemphera kuti akhale pansi. Ine yemwe ndikulakalaka kukafika ku Mchinji!

Benchi yachiwiri. Aima. Ayang'ana kumwamba kumene kwatsala, ayang'ana benchi. Avula chipewa, atulutsamo nyuzipepala ija, ayala pabenchi ponyowa, akhala.

Atapezako mpweya akuti, "Njati siidikira munthu pabenchi. Fiona, uimbe foni, uwauze a ku Luangwa kuti sitibwera." A Fiona akulira. Madala akuwasisita dzanja.

Kenako atembenukira kwa ine. "Mayi ako ndawalakwira." Ine ndangogwada n'kuyamba kuwamasula zingwe za majombo, poti mapazi atupa.

Takhala pamenepo kuyang'ana mtsinje ndi maboti, magalasi tikupatsirana. Andigulira ayisikirimu, mvula ili mkati.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndi majumbo pa basi, maulendo angapo. Ndawayala kumbuyo ngati kaunjika, aliyense atole chake. Mayi Nkhoma akuti, "Tinadziwa ife, ulendo wolengezalengeza sumatheka." Ndangoti zikomo mayi. Mwini suti waona banga la mafuta, sakundilankhula. Nsapato za ana palibe akuzidziwa, ndabwerera nazo. A Tembo akuti batire ndisunge, mwina chaka chamawa.

Masana ndadutsa kwa madala ngakhale si tsiku langa. Ndawapeza akumasula katundu, chimodzichimodzi, chilichonse kubwerera pamalo pake, akuimba kamluzu. Akundifunsa ngati ndikudziwa kuwedza, ati ku Scotland kuli nsomba zimene munthu amazidikira atakhala pampando. Ndati ndimadziwa. A Fiona asamve kaye.

Chovuta ndachisiyira kumapeto: kuimbira amayi. Ndazungulira, za mvula, za chimanga, za bondo lawo. Kenako ndanena. Ndamva akuitana mlongo wanga chapatali: "Kam'masule tambala uja, mwini wake sakubwera." Akuti anamumanga mwendo kuyambira Lachinayi ndipo amadya gaga yekha ngati bwana.

"Bola uli moyo, mwanawe. Madalawo uwapatse moni, uwauze asamakwere mapiri."

Ndawalonjeza Disembala. Akuti tambalayo akakhala atakalamba, nyama yake idzafuna nkhuni zambiri, koma adzamusunga.

Mawa shifiti ya m'mawa. Ndichape yunifolomu.