Tsiku Limene Kabati ya Apongozi Inaliridwa

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine si munthu wa phokoso. Ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba ndimaitulutsa mopepesa. Ndiye tandiuzani, zinatheka bwanji kuti ineyo, tsiku loyamba kuponda ku Lisungwi, ndiliritse anthu amene sankadziwa n'komwe dzina langa?

Bambo a Tadala ndi mphunzitsi. Atawasamutsa kuchoka ku Matandani anatsogola ndi ana komanso katundu, matilesi, ndowa, mipando, zonse. Chinatsala ndi chinthu chimodzi, kabati ya apongozi anga, amayi awo, amene takhala nawo chimwalirireni amuna awo. Kabatiyi ndi ya mlombwa, yayitali ngati munthu, yopapatiza, ya chitseko chimodzi. Anaikhoma ndi malemuwo chaka chomwe anakwatirana, popanda msomali ndi umodzi womwe. Amayi amaipukuta okha Lachisanu lililonse, ndipo ana amadziwa kuti kutsamirapo n'kuputa mlandu. Atamva zosamuka anandiitana n'kunena kuti, "Make Tadala, ine ndikafike wothyoka mwendo palibe kanthu. Koma iyi ikakalika, mundibwezere kumudzi kwathu." Ndipo amayi sanena zinthu kawiri. Ine ndidziwike kuti ndine mkazi uja anapirikitsa apongozi ake?

Mlamu wanga wa ku Blantyre anati tiilembetse inshuwalansi. Ndinaimba foni ndithu, ndipo mayi wa ku ofesiko anandiyankha mwaulemu, mpaka kufunsa ngati ana adzuka bwino. Kenaka akuti nditumize lisiti yake. Lisiti ndikaitenga kuti, woikhomayo ali kumanda? Ndinati basi, inshuwalansi ndikhala ineyo.

Ndiye tamverani nzeru za munthu wa Fomu 4. Ndinati kabati iyenda yokha pa lole ya a Jere, pasakhale ngakhale supuni yoti n'kuikanda. Tinaigoneka chagada pa masamba a nthochi. Poopa fumbi ndinaifunditsa nsalu yoyera ya pabedi, ija ndimasungira alendo, n'kuipinda bwinobwino m'makona. Maluwa anga apulasitiki a pabalaza anali ataiwalika ulendo woyamba, ndiye ndinawamangirira pamwamba pa nsaluyo kuti asaphwanyike. Ndinaima patali n'kuyang'ana, n'kudziyamikira ndekha mumtima.

Posakhalitsa anatulukira amayi asanu ndi mmodzi a kumpingo, atavala yunifolomu, akuti sangalole kuti ndipite ngati wothawa, andiperekeza. Zinandikhudza, chifukwa ena anasiya kusosa m'minda mwawo. Ndinawakhazika mozungulira kabati, aliyense dzanja pamwamba kuti isagwedezeke. Apongozi anga anakhala kutsogolo ndi a Jere, ndipo poti galimoto imawachititsa chizungulire anadziphimba chitenje kumutu n'kuwerama. Muzikumbukira kuti mwezi wapitawo anali atagonekedwa m'chipatala ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo dera lonse linkadziwa.

"A Jere, chonde, pang'onopang'ono," ndinatero.

"Mayi, ndikachepetsa kuposa apa atipitirira oyenda pansi."

"Atipitirire."

Titangonyamuka, mayi Kachingwe, amene amatsogolera nyimbo kumpingo, anayambitsa yotsanzikana. Ine zaka khumi ndi chimodzi za ku Matandani zinandibwerera zonse, misozi ili mbwembwembwe, dzanja lili pa nsalu yoyera.

M'njira ndinayamba kuona ulemu umene sindinauonepo chibadwire. Anjinga ankatsika n'kuima pambali. Abambo ankavula zipewa. Mayi wina anatula mtolo wa nkhuni n'kugwada m'fumbi momwemo. Pa malo ena ogulitsira tomato wailesi inali kulira, titayandikira inangoti zii. Ndinakodola mayi Kachingwe n'kunena kuti, "Mwaona anthu a kumunsi kuno? Ndiye ena amati ulemu unatha." Iwo anagwedeza mutu n'kukweza nyimbo. Bambo wina wa njinga yamoto, amene mwana wake ankaphunzitsidwa ndi bambo a Tadala, anatiyang'anitsitsa, kuvula chisoti, n'kutulutsa foni. Ine ndinamukwezera dzanja, poganiza kuti akutsanzika. Foni yanga inali pansi pa chikwama, ndipo m'zigwa zimenezo netiweki imachita kufunidwa ndi nyali.

Tinafika ku Lisungwi dzuwa litapendeka. Pokhotera ku nyumba za aphunzitsi ndinaona masamba aawisi atayalidwa mumsewu. Ndinauza anzanga aja kuti, "Amayi inu, kuno kwagwa zovuta, ife tikuimba zotsanzikana. Tiyeni tisinthe, tingaoneke opanda mwambo." Inde, ndine amene ndinapempha nyimbo ya maliro. Ndipo anaiimba bwino amayi aja, mawu onse anayi.

Lole inaima pa nyumba ina pomwe abambo anali atakhala panja pa mabenchi a sukulu. Ndinaganiza kuti a Jere aima mwaulemu. Tisanatsike n'komwe, abambo asanu ndi mmodzi anabwera osalankhula, kutsegula kumbuyo, kunyamula kabati ija n'kuiika paphewa. Ankayenda phazi limodzi, pofika pakhomo anawerama onse pamodzi, osagunditsa paliponse. Ndinali pambuyo pawo ndikunong'ona kuti, "Zikomo, Mulungu akudalitseni, ndi yolemera." Mumtima ndikuti taonani anthu, ali pa chisoni chawo koma akuthandiza mlendo.

Nditalowa ndinaona makatani anga pawindo. Mipando yathu anali ataitulutsa, pabalaza pali mphasa zokhazokha, amayi adzaza mpaka kukhonde. Kabati anaitsitsa pakati, maluwa anga ali pamwamba, ndipo kulira kunayamba kumene sindidzakuiwala. Mayi wina wachikulire anandigwira m'chiuno, kundikhazika pafupi ndi kabati, n'kundifunditsa chitenje chake pamapewa.

"Pepani," ndinamunong'oneza, "kodi atisiya ndani?"

Anandiyang'ana mwachifundo n'kuuza mnzake kuti, "Mutu wazungulira. Mubweretsereni madzi."

Apo ndi pomwe analowa bambo a Tadala, atagwiridwa uku ndi uku ndi aphunzitsi anzawo, maso ali psu, malaya atatuluka m'thalauza. Munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale tsiku limene anadzitema ndi nkhwangwa. Anagwada, kukumbatira kabati ija, n'kufuula kuti, "Amayi anga ine, mwandisiyira yani?"

Ndinayang'ana nsalu yoyera, maluwa, yunifolomu za anzanga amene anali ataima pakhomo kukamwa kuli yasa, ndipo zonse zimene ndinachita kuyambira m'mawa zinandifola pamaso chimodzichimodzi.

Woyamba kulankhula anali apongozi anga. A Jere anali atawadzutsa n'kuwatsitsa, ndipo anaima pakhomo, chitenje chikadali kumutu, fumbi la msewu litawayeretsa nkhope.

"Ndili pano, ukundiitaniranji? Ndipo chotsa manja pamenepo, upaka thukuta."

Sindinkadziwa kuti pawindo la nyumba za aphunzitsi pangadutse mayi wamkulu. Anadutsa awiri. Bambo a Tadala anangokhala pansi, kuyang'ana amayi awo, kuyang'ana kabati, kenaka kuyang'ana ine, ndipo kuyang'ana komalizaku n'kumene kunandithetsa mphamvu. Ndinavundukula nsalu ija, kutsegula chitseko kuti onse aone, n'kunena ndi timawu tanga tating'onoti kuti, "Ndi kabati. Ndimaopa fumbi."

Woyamba kuseka anali mayi uja anandifunditsa chitenje, ndipo anaseka mpaka kugona pa mphasa, misozi ya maliro isanaume n'komwe.

Amayi sanaseke. Anavala magalasi, kuzungulira kabati yawo kawiri, kuisisita ndi chala m'makona monse. Atamaliza anafunsa kuti, "Anyamula ndani?" Abambo aja anadzionetsa mwamanyazi. "Palibe pokalika. Make Tadala, muwalembe mayina. Tsiku langa likadzafika mudzaitane omwewa." Ndiye anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwenso ndakumva. Kulira umatha."

Mawa lake ndinayenda khomo ndi khomo kubweza nkhuni ndi ufa zomwe anthu anali atasonkha kale. Umo ndi mmene ndinadziwira anansi anga onse tsiku limodzi. A Saidi a pagolosale, amene anatseka sitolo masana atamva uthengawo, anakana kulandira shuga ndi masamba a tiyi omwe anatumiza. Anati, "Kawapatseni eni maliro amwe okha, si onse amapeza mwayi umenewu." Mlamu wanga uja anali atakwera kale minibasi, ndipo anafika akulira n'kupeza amayi ake ali pakhonde akusenda mango. Mpaka lero akandiimbira foni amayamba ndi kufunsa kuti, "Alamu, nonse muli moyo, kapena mwasamukanso?"

Amayi akadali nafe, kabati ili pakona, imapukutidwa Lachisanu lililonse. Koma tikadzasamukanso idzayenda choimirira, yosafunda kanthu, fumbi lidzachite zomwe lingathe. Maluwa ndidzasenza pamutu. Ndipo amene adzangoyerekeza kutsokomola ngati akufuna kuyambitsa nyimbo, ngakhale atakhala mayi Kachingwe amene, adzatsikira pomwepo.